Maso Pansi, Mzime

"Ndiye mukufuna ndichite chiyani? Ndikaime pakhomo pa sukulu ndi belu, ndiitane anthu adzamve za m'nyumba mwanga?" anatero bambo.

"Za belu mwaziyamba ndinu. Ine ndati mukawauze Madamu okha. Munthu mmodzi basi."

"Munthu mmodzi ali ndi pakamwa, mayi. Ali ndi mwamuna, ali ndi anzake ocheza nawo."

Bambo anali asanasambe n'komwe. Girisi anali akadali m'zikhadabo, thumba la masipanala lili paphewa. Anali atangofika kuchokera pamphambano, pansi pa mtengo pomwe ankakonzera njinga, ndipo nkhani imene anabwera nayo sinawalole kukhala pansi. Mphunzitsi wa zosoka wa ku sukulu ya ntchito zamanja, amene aliyense ankangowatchula kuti Madamu, anawapeza pantchito masana n'kuwadandaulira za mwana wawo, eni njinga akumva.

"Ananena kuti chiyani kwenikweni?" anafunsa mayi. "Mkwiyo wanu ndauona kale. Ndiuzeni mawu awo."

"Akuti mwana wanu ndi wamwano. Ndikamaphunzitsa amanditong'olera maso ngati tinayambana. Ndikapita kumbuyo kwa kalasi amatembenuka ndi mpando womwe. Ndikamuitana sayankha. Dzulo akuti anasiya makina n'kukaima kutsogolo kwawo, maso ali pakamwa pawo, mpaka Madamu anaiwala zimene ankanena. Anzake amupatsa kale dzina. Akuti Kadzidzi."

"Nanga amva bwanji osawayang'ana pakamwa?"

"Tsitsani mawu."

"Nditsitsire yani?"

Onse awiri ankakangana atapenya kukhoma. M'nyumbamo munali chizolowezi chimene palibe anachikhazikitsa: akafuna kukamba zoti mwana wawo womaliza asamve, sankanong'ona, ankangomupatsa msana. Mzime, monga ankamutchulira, anali pakhonde akupinda kansalu ndi singano ya pamanja. Matenda oumitsa khosi anamugwira ali wamng'ono. Anachira, koma khutu lamanzere linatsekeratu, ndipo lamanja linkangolowetsa phokoso lopanda mawu. Kuyankhula ankayankhula bwinobwino. Kumva ankamvera m'maso, powerenga milomo ya munthu. Banjalo linasamukira m'deralo iye atachira kale, choncho anthu ankangomudziwa ngati namwali wofatsa, ena ankati ndi wonyada.

"Mwaiwala mwana wa ogulitsa makala kumene tinkakhala kuja?" anatero bambo. "Anali ndi dzina mwana uja. Anthu atadziwa, dzina linatha. Gonthi, Gonthi. Ana ankamuponyera timiyala kumsana kuti aone ngati atembenuke. Wanga ayi. Ndipo a kusukuluwo akamva adzati malo ake si ano, apite kwa anzake oyankhula ndi manja. Nanga m'tsogolomu adzamufunsira ndani?"

"Mwamuna sanabwere. Chimene chabwera ndi makina. Chiyambire kusoka mwanayu amadzuka yekha, amaseka, amandiuza nkhani. Mukufuna amuchotse?"

"Zikakanika pali azakhali ake kutauni. Akhala akumupempha kuti akawalerere ana."

"Akalere ana a eni? Khanda lizilira kuchipinda, iye ali kukhitchini osadziwa kanthu, kenako achemwali anu aja amuchite chiyani? Dzanja lawo mumalidziwa."

Bambo anatula thumba pansi, natuluka, nanyonyomala patsogolo pa mwana wawo. Anamugwira bondo pang'ono monga ankachitira nthawi zonse asanayambe kumuyankhula. Anthu a m'deralo ankadziwa kuti wokonza njinga uja ndi waukali. Sankadziwa kuti ali ndi mayankhulidwe ena osungira mwana mmodzi yekhayu: pang'onopang'ono, nkhope ili kowala, osameza mawu.

"Mzime wanga, Madamu akwiya. Akuti umawayang'anitsitsa. Mwana waulemu, wamkulu akamayankhula, amayang'ana pansi. Pakhomo pano undiyang'ane mmene ungafunire. Kusukulu maso pansi."

Mtsikanayo anayang'ana milomo ya bambo ake mpaka inatseka.

"Nanga ndizimva bwanji, ababa?"

"Uzionera kwa mnzako wa pambali. Ndiwe wanzeru iwe. Miyezi yatsala yochepa."

Mzime anabaya singano m'kansalu kaja, naisiya momwemo. "Chabwino," anatero.

Chipinda chosokeramo kale chinali nyumba yosungiramo katundu. Denga linali la malata, mazenera mbali imodzi yokha, makina opondaponda atandandalikidwa m'mizere ngati madesiki, onse kuloza kubolodi. Ophunzira anali osakanikirana: atsikana osiya sukulu panjira, amayi apabanja, ndi anyamata ochepa amene ankakhala kumbuyo. Madamu sanali munthu woipa mtima. Ntchitoyi anaiphunzira kwa mphunzitsi amene ankajambula pabolodi uku akufotokoza, ndipo iwonso ankaphunzitsa chimodzimodzi, choko m'manja, nkhope kubolodi, mawu akugunda khoma. Akamaliza ankazungulira kumbuyo kwa ophunzira n'kumalangiza ali chiimire pamwamba pa mitu yawo. Ambiri ankatolapo kanthu. Ena ankangokopera zojambulazo n'kumadalira mwayi.

Mzime anasunga mawu a bambo ake. Anafika pozidziwa bwino nsapato za Madamu, zakuda, chidendene chakumanja chodyeka. Zikaima pafupi naye ankadziwa kuti pali zimene zikunenedwa, ndipo ankagwedeza mutu. Makina onse akamayenda ankawamva m'mapazi, simenti ikunjenjemera. Kunjenjemerako kukasiya ankadziwa kuti Madamu ayamba kuyankhula, nayenso ankaimitsa phazi. Zochita ankasuzumira kwa mayi wina wapabanja amene ankakhala pambali pake. Koma kuonera kwa mnzako kumangokuonetsa zimene manja akuchita, chifukwa chake sumachiona. Mayiyo akalakwitsa, Mzime ankalakwitsa naye. Mayiyo akadzudzulidwa n'kukonza, Mzime ankapitiriza ndi cholakwa chobwereka.

Patapita masabata angapo Madamu anabwera ndi njinga yawo pamphambano kuti aimate chubu.

"Mwachita bwino bambo, mwana uja wasintha. Ulemu wabwera. Koma mutu sindikudziwa kumene wapita. Poyamba paja, ndi mwano wake womwewo, msoko wake unali wowongoka kuposa wa onse. Pano ndikati dula apa, iye adula apo. Ndiye ndikuuzirenitu. Kumapeto kwa mwezi kuli mayeso, malaya a kolala. Kunja kuli anthu ambiri akudikira makina. Amene alephere asiyira anzake."

Bambo anamiza chubu m'beseni la madzi, nayang'ana thovu nthawi yaitali kuposa mmene ntchitoyo inkafunira.

"Ayesetsa," anatero.

Atafika kunyumba anamuuza Mzime za mayesowo. Mtsikanayo anadzidzimuka.

"Ananena liti?"

"Akuti analengeza kale m'kalasi. Sabata yatha kapena inayo."

Mzime anatenga ndowa n'kupita kukatunga madzi, ngakhale mitsuko inali yodzaza.

Loweruka m'mawa bambo ankakonzeka kupita ku ukwati wa mwana wa mnzawo. Anameta ndevu, napukuta nsapato, kenako mawu awo anamveka kuchipinda.

"Mayi! Malaya anga oyera aja ali kuti?"

"Pamsomali, pomwe amakhala."

"Pamsomali pali msomali."

Anafufuza m'sutikesi, pachingwe, ngakhale pansi pa bedi. Amene anawapeza anali mayi, ndipo atawapeza anangogwira pakamwa. Kuseri kwa nyumba Mzime anali atayala mphasa. Pamphasapo panali malaya aja, koma sanalinso malaya. Anali atamasula misoko yonse ndi lezala, ulusi umodziumodzi, osang'amba paliponse. Mikono inali payokha, msana pawokha, zapatsogolo pazokha, chidutswa chilichonse atachipsinja ndi kamwala. Iye anali atawerama pa kolala, ataitsegula ngati nsomba.

"Iwe! Wapenga?" bambo anakuwa. "Malaya amodzi omwewa!"

Anakuwira kumsana, ndipo Mzime anapitiriza ntchito yake mwamtendere. Kuti amukalipire bwino anayenera kuzungulira mphasa yonse, kusamala kuti asaponde mkono wa malaya awo omwe, kenako kunyonyomala. Pofika pamenepo theka la mkwiyo linali litatsalira m'njira. Mtsikanayo ataona nsapato zopukutidwa anadzidzimuka, nagwetsa maso pansi.

Bambo anamugwira chibwano n'kumudzutsa nkhope. "Ndiyang'ane ndikamakukalipira!"

"Pepani ababa. Ndimati ndiwabwezera lisanafike tsiku la mapemphero. Za ukwati sindinadziwe."

"Ndiye malaya anga akulakwira chiyani?"

"Ndimafuna ndione m'kati mwa kolala. Taonani." Mantha anamuchoka atangogwira nsaluyo. "Amasoka chakunsi, nsalu itatembenuzidwa. Akatha amadula kansonga aka, ndi aka, ndiye n'kuitembenuza. Ine sindimadula. N'chifukwa chake yanga imatupa m'makona ngati muli mwala. Madamu ayenera kuti ananena. Mwina ananena kambirimbiri."

"Nanga osafunsa bwanji?"

"Ndikafunsa ayankha. Yankholo ndilimvera pati? Ndikayang'ana pansi ndimaona nsapato zawo. Nsapato siziyankhula, ababa."

Sananene modandaula kapena monyoza. Ananena monga munthu anganenere kuti kunja kukugwa mvula. Anatola kaulusi pabondo lake n'kukaika pa mulu wa tinzake.

"Ndikalephera musanditumize kwa azakhali. Ndizikuthandizani kumata machubu. Ndimatha."

Bambo anayang'ana mayi. Mayi anayang'ana bambo.

"Za azakhali wazimva kuti?" anafunsa mayi atabwera kutsogolo.

"Pakhoma pamene mumapenya mukamakangana pali galasi lanu lija."

"Mayo ine! Ndiye zonse timanena zija...?"

"Osati zonse. Za inu ndimaziona bwino. Ababa ndi aatali, galasi limawadula pakhosi."

Mayi anayamba kuseka, koma kusekako kunakhota panjira, ndipo anadziphimba kumaso ndi nsalu yawo. Bambo anakhala pansi pafumbi ndi thalauza la ku ukwati. Anatola kolala ija, naitembenuza uku ndi uku, nagwira timakona todulidwa tija ndi chala chachikulu. Malaya amenewa anawavala zaka zambiri, koma sanadziwe kuti m'kati mwake muli chonchi.

Ku ukwati sanapite. Mayi akanatha kunena kuti paja ine ndinanena, koma sananene. Anangowabweretsera madzi akumwa n'kukhala nawo pomwepo.

Lolemba bambo ananyamula thumba la masipanala monga mwa masiku onse. Atafika pamphambano anapeza munthu akuwadikira ndi njinga yoduka tcheni. Anamuuza kuti abwerenso masana, napitirira. Iwo eni sakanatha kunena kuti akukachita chiyani kusukuluko. Mwina ankangofuna kuona.

Anaima panja, chapambali pa zenera. Mwana wawo anali pa makina a pafupi ndi zenera lomwelo, khosi litapindika, manja ali pamwendo. Madamu anali atamaliza za pabolodi ndipo ankazungulira. Anaima kumbuyo kwa Mzime, nanyamula kansalu kamene kanali pa makina ake.

"Ichi n'chiyani? Ndanena kuti muyambire pati? Iwe wapazenera. Iwe! Ndikuyankhula ndi iwe."

"Kadzidzi wagona, Madamu," anatero mnyamata wina kumbuyo. "Masana ano ndi usiku wake."

Kalasi inaseka. Madamu anamenya tebulo la makina ndi tepi yoyezera. Mzime anamva kugundako m'mapazi, naona nsapato zakuda zija pambali pake.

"Ndatopa nawe. Ngati sukufuna kuphunzira usadikire mayeso. Nyamuka lero lomwe, makinawa apeze mwini. Wamva?"

Ndipo Mzime, maso ali pansi, anagwedeza mutu mwaulemu.

Bambo sanadziwe kuti afika bwanji pakhomo. Anangopezeka ataima pamenepo, chipewa chili m'manja.

"Odi, Madamu. Tingaonane panja pang'ono?"

"Mwafika bwino, bambo. Nenani pompano. Mwano wake amachitira pompano, anzake akuona."

Makina onse anali ataima. Simenti itasiya kunjenjemera, Mzime anasuzumira chapansipansi, naona pakhomo nsapato zimene ankazidziwa kuposa za Madamu, zantchito, zothimbirira ndi girisi. Anadzutsa mutu.

Bambo anayang'ana nkhope zonse zija. Ena anali ana a makasitomala awo. Mayi wapabanja uja ankakhala kuseri kwa msika, ndipo pakamwa pake pankadziwika.

"Mwanayu si wamwano, Madamu. Makutu ake anafa ali wamng'ono." Anaima, kenako ananena liwu limene sanalolepo kuti litchulidwe pakhomo pawo. Linatuluka movuta ngati akuzula dzino. "Ndi gonthi. Mawu amawatola pamilomo. Akamakuyang'anani paja ndiye kuti akumvetsera. Amene anamuuza kuti aziyang'ana pansi ndine."

Mnyamata wa nthabwala uja anayamba kukanda tebulo ndi chikhadabo.

"Chiyambire?" anafunsa Madamu.

"Chiyambire."

"Ndiye inu mwandisiya miyezi yonseyi ndikukalipira mwana kumsana? Mwandisandutsa chiyani pamaso pa anthu awa? Ndinabwera kwa inu, bambo. Ndinabwera ndi miyendo yanga, ndinabweranso ndi njinga. Munangondimatira chubu."

"Ndinkaopa kuti mumuchotsa."

"Ndipo ndikanamuchotsadi. Lero lomwe. Osadziwa chimene ndikumuchotsera." Madamu anaika tepi ija pakhosi, naichotsanso. "Ine sindinaphunzire kuphunzitsa anthu otere. Zoyankhula ndi manja zija sindizidziwa. Ndili ndi kalasi yonseyi ndekha."

Bambo anayang'ana mwana wawo. Mzime anali ataona zonse, chifukwa pakhomo pamene anaima panali powala. Anayang'ana anzake mmodzimmodzi, ndipo ulendo uno amene ankagwetsa maso anali iwowo.

"Mwanena, ababa," anatero chapansipansi.

"Ndanena, mwanangu."

Madamu anakoka kampando, nazungulira makina, nakhala moyang'anana ndi mtsikanayo. Pamilomo pawo panali pini imene anaiiwala, monga amachitira atelala onse.

"Ndiuze iweyo," anatero mokuwa. "Ndizichita bwanji?"

Mzime anayang'ana bambo ake. Iwo anagwedeza mutu.

"Musamakuwe, Madamu, mukakuwa milomo imapotoka. Muzingopenya kuno mukamanena." Anazengereza. "Komanso mukaika pini pakamwa, sinditolapo kanthu."

Madamu anagwira pakamwa, napeza pini ija. Wina anaphulika kuseka, ena anatsatira, koma kuseka kwake sikunali kwa poyamba kuja. Ngakhale Madamu anapukusa mutu, nabaya piniyo pachifuwa cha diresi lawo.

"Bweretsa kansalu. Kolala yakuvuta pati?"

"Kusoka ndi kutembenuza ndadziwa. Chandivuta n'kuilumikiza pakhosi. Mbali imodzi imatsala yaitali."

"Chifukwa umayambira kumapeto. Taona." Anapinda kolala pakati n'kuika chizindikiro ndi choko, anapindanso khosi la malaya pakati, nalumikiza zizindikiro ziwirizo ndi pini. Ankachita kamodzi, n'kudzutsa nkhope, n'kunena, kenako n'kuchitanso. Poyamba ankasokonezeka, manja ndi pakamwa zinkafuna kuyendera limodzi monga zinazolowera. Atamaliza anamasula zonse n'kumukankhira nsaluyo. "Chita ndione."

Mzime anachita. Madamu anamugwira dzanja pamene ankakoka nsalu kwambiri, nalibweza pang'ono osanena kanthu.

"Madamu," anatero mayi wapabanja uja, amene anali ataimirira kale n'kumasuzumira, "tingabwere nafe? Ine za pabolodizi ndimangojambula. Kunyumba ana amandifunsa kuti ndi mapu a dziko liti."

"Nanga osanena bwanji nthawi yonseyi?"

"Tinkaona mmene mukumuchitira mnzathuyu."

"Koma za pabolodizo musafufute," anatero mtsikana wina wa kutsogolo. "Ine ndikapanda kuona chojambula ndi manambala ake, mutu sugwira."

"Ine mungondipatsa nsalu ndiwononge kaye," anatero mnyamata uja, mawu ali pansi. "Ndikawononga m'pamene ndimamva."

"Nsalu ya bambo ako?" Madamu anaimirira, manja m'chiuno. "Uyu akufuna milomo, uyu akufuna bolodi, uyu akufuna kuwononga. Ndiye ndikhale anthu angati ine?"

Madamu anayang'ana mizere ya makina ija ngati akuiona koyamba.

"Anyamata, dzukani. Makinawa tiwazungulize, pakati pakhale malo. Ndikaima apa aliyense azindiona. Bambo, poti mwatisokonezera kale phunziro, gwirani mbali iyo."

Bambo anaika chipewa pazenera n'kugwira. Makina opondaponda ndi olemera, ndipo miyendo yake inkalira pasimenti. Pofika masana anali atatuluka thukuta, atamangitsanso lamba wa makina ena amene ankaterereka. Munthu wa tcheni uja anawadikira mpaka kutopa.

Zimene bambo ankaopa zinachitikadi, ndipo sizinachedwe. Sabata isanathe nkhani inali itafika kumsika. Ana ena anamutsatira Mzime pamsewu akukuwa kumbuyo kwake, ndipo amene anamva ululu anali mayi, chifukwa ndi iwo anali ndi makutu. Dzina la Kadzidzi linafa, koma m'makomo ena munabadwa lina lija, la Gonthi. Pamphambano munthu wina anabwera ndi njinga yopanda vuto lenileni.

"Tamva kuti mwana wanu uja..."

"Mwamva zoona," anatero bambo. "Njingayi yatani?"

Panalinso zina. Mayi wogulitsa mafuta, amene kale ankati mtsikanayu ndi wonyada, anamuimitsa panjira n'kumupatsa moni akutsegula pakamwa ngati akufuna kumeza dzira lathunthu. Mzime atafika kunyumba anawayerekeza mpaka mayi ake anagwira nthiti.

Kusukulu zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Madamu ankaiwala n'kutembenukira kubolodi ali pakati pa chiganizo, ndipo mayi wapabanja uja ankagogoda tebulo: "Madamu, nkhope!" Phunziro linkayenda pang'onopang'ono, chifukwa chinthu chimodzi chinkajambulidwa, n'kunenedwa, n'kuchitidwa, ndipo ophunzira achangu ankadandaula. Za mayeso Madamu ananeneratu kuti sasintha kanthu. Tsiku ndi lomwelo, malaya ndi omwewo, kwa aliyense. Masabata amene Mzime anataya akuyang'ana simenti palibe akanamubwezera.

Tsiku la mayeso bambo anaweruka dzuwa likadali pamwamba. Anati ntchito inali yochepa. Anakhala pakhonde ndi mayi, osayankhulana, aliyense akunamizira kuti sakuyang'ana kunjira. Mzime anatulukira mochedwa, akuyenda pang'onopang'ono, kathumba kali m'khwapa. Nkhope yake sinkaonetsa kanthu.

Anagwada, napereka moni, nakhala pansi.

"Zayenda bwanji?" anafunsa mayi.

"Kolala yapendekera kumanzere. Thumba lakwera kwambiri. Madamu anakweza malayawo m'mwamba kuti onse aone. Akuti malaya otere munthu angawavale pothawa moto basi."

Bambo anayang'ana manja awo. Kenako anasendera pafupi, namugwira bondo.

"Basi mwanangu, usadandaule. Mlandu si wako. Kwa azakhali supita, zimenezo ndakana. Tiona chochita ine ndi iwe."

"Sindinamalize, ababa. Akuti makona okha ndi amene andipulumutsa, ndi misoko ya m'mbali. Akuti ndiphwasule kolalayo ndisokenso mpaka iime. Lolemba ndilawirire, ndipo ndipite ndi lezala yangayanga chifukwa malezala awo ndimawabunthitsa."

"Lolemba?" mayi anaimirira. "Ukasokera pa makina ati?"

"Pa anga."

Bambo anafuna kunena kanthu. Milomo inayenda, koma inkanjenjemera, ndipo mwana wawo sanatolepo ngakhale liwu limodzi.

"Bwerezani, ababa. Sindinamve."

"Palibe chimene ndanena." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, nasiya girisi patsaya. "Mayi, malezala atsopano aja timasunga pati?"